Funsani za Madzi: Kodi nyanja yatilowera chifukwa cha mageti a ku Liwonde?

Makalata a mwezi uno ambiri akufunsa za madzi osefukira, ndipo pafupifupi onse akusaka munthu woti amuloze chala: wina watseka geti, wina watsegula damu usiku. Ndasankhapo anayi. Ine ntchito yanga yonse inali yowerenga milingo ya madzi ndi kuyang'anira ngalande m'masikimu a mpunga kuno kunyanja, tsono ndiyankha monga munthu wa ntchito imeneyo.

*Achimwene, ine ndine msodzi, ndimakocheza pa Senga Bay. Mu 2024 nyanja inadya mathandala athu oyanikapo usipa, inalowa m'makoteji, ndipo mitengo yomwe tinkamangirirapo mabwato inaima m'madzi. Kuno aliyense akunena kuti anatseka mageti ku Liwonde pofuna kusungira magetsi madzi, ife n'kumavutika. Bwanji osangotsegula onse kwa sabata imodzi kuti nyanja ibwerere m'malo mwake? — Msodzi, Senga Bay*

Achimwene, nkhaniyi ndaimva pa Kamuzu Road, ndaimva m'minibasi, ndaimvanso pamaliro. Mageti alipodi. Ali pa mtsinje wa Shire, pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, yomwe anaimanga mu 1965 ndipo zaka zapitazi anaikonzanso ndi thandizo la World Bank kuti izitha kusunga madzi ochulukirapo. Mageti ake ndi 14. Oyang'anira katulutsidwe ka madzi ndi a National Water Resources Authority, ndipo odikira madziwo kumunsi ndi makina a EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe kumachokera magetsi ambiri a dziko lino. Shire ndiye mtsinje wokhawo wotuluka m'nyanja yathu, choncho sizodabwitsa kuti maso onse ali pa Liwonde.

Koma tiyeni tiwerengere limodzi, poti inu asodzi masamu mumawatha kuposa ife. Nyanja ya Malawi kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 29,000. Kuti itsike ndi sentimita imodzi yokha, kachidutswa kosakwana chikhadabo, pafunika kuchotsamo madzi okwana makyubiki mita pafupifupi 290 miliyoni. Tsopano tiyerekeze kuti atsegula mageti n'kuwonjezera makyubiki mita 300 pa sekondi iliyonse pamwamba pa omwe amatuluka kale. Amenewo ndi madzi ambiri zedi mu Shire. Pa tsiku akwana mamiliyoni 26. Ndiye kuti sentimita imodzi ija itenga masiku 11. Theka la mita, lomwe mwina likanabweza mathandala anu pouma, lingatenge chaka ndi theka, mvula itasiyiratu kugwa ndipo mitsinje yonse itaima. Sabata imodzi yomwe mukupemphayo simungaizindikire n'komwe pagombe. Zili ngati kufuna kukhuthula mgolo wodzaza kudzera pa kabowo ka msomali, wina akuthiramo ndi ndowa.

Othiramo ndi ndowawo ndi ambiri: Linthipe, Bua, Dwangwa, Rukuru onse awiri, Songwe, komanso Ruhuhu wa ku Tanzania yemwe ambiri kuno sitinamuonepo koma amabweretsa madzi ochuluka kwabasi. Palinso mvula yogwera pa nyanja penipenipo. Ndipo madzi ambiri ochoka m'nyanjayi sadutsa ku Liwonde ayi, amauluka ndi dzuwa ndi mphepo. Shire imangotengako gawo laling'ono. Onjezani apa kuti kuchokera ku Mangochi, kudutsa Malombe mpaka ku Liwonde, dziko ndi lathyathyathya, mtsinje umayenda mwaulesi. Ngakhale mageti onse atayasama, madzi otuluka ali ndi malire ake.

Nyanjayi inayamba kukwera ndi kutsika baraji isanalotedwe. Kuyambira 1915 mpaka 1935 inatsika moti Shire inaleka kutuluka m'nyanja, pakamwa pake panatsekeka ndi mchenga ndi bango. Kenako inadzaza yokha n'kuboola. Mu 1980 inakwera kupitirira mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene mu 2024 inapitirira 476. Mu 2016 ndi 2017 inatsika, ndipo mukukumbukira mmene magetsi ankathimira tsiku lonse, zigayo zili zii, ogulitsa ayisi wa nsomba akulira.

Tsono woyang'anira geti ali ndi anthu atatu omukoka malaya. Inu kugombe mukuti tsegula. A magetsi akuti sunga, sitikudziwa mvula ya chaka chamawa. Ndipo a ku Chikwawa ndi Nsanje akuti chonde usatiwonjezere. Amenewa musawaiwale. Kumunsi kwa Liwonde kuli mitsinje yomwe geti ilibe nayo mphamvu, monga Ruo yemwe amatsika ndi madzi a ku Mulanje n'kukumana ndi Shire pa Chiromo. Mu 2015, mu 2019 nthawi ya namondwe Idai, mu 2022 pamene namondwe Ana anagumula Kapichira, ndi mu 2023 nthawi ya namondwe Freddy, anthu a kuchigwa anaona zoopsa. Mvula yamphamvu ikamagwa kummwera, munthu wanzeru pa geti amachepetsa madzi kuti a mitsinje inayo adutse kaye. Kutsegula zonse tsiku ngati limenelo n'kumiza midzi ya anzathu pofuna kupulumutsa sentimita yomwe inu simuiona.

Sindikunena kuti dandaulo lanu ndi lopanda pake. Madzi osungidwa chaka ndi chaka amaunjikana, ndipo mvula yabwino ikatsatizana, nyanja imayamba dzinja ili kale pamwamba. Ngati pali nthawi yomwe geti ingathandize ife a kugombe, ndi Ogasiti mpaka Novembala, pamene kuchigwa kuli kouma ndipo Shire ikhoza kunyamula madzi ambiri popanda kuvulaza munthu. Chiganizo chimenecho chimafunika kupangidwa miyezi isanu mvula isanagwe, ndipo wochipanga akutchova juga: akatulutsa kwambiri mvula n'kukanika, dziko lonse limutukwana chifukwa cha mdima. Ine pempho langa ndi loti mulingo wa nyanja ndi kuchuluka kwa madzi otuluka ku Liwonde azizilengeza m'Chichewa pa mawayilesi a m'madera sabata iliyonse, monga amachitira ndi zanyengo. Anthu akamamva manambala, mphekesera za pa bawo zimachepa.

Inuyo chitani ichi. Nyanja imafika pamwamba penipeni cha mu Epulo ndi Meyi, mvula itatha kale, ndipo nthawi yomweyo mwera umayamba. Zogwetsa makoma ndi mafundewo, osati madzi ongoima. Pezani pomwe madzi anafika mu 2024, mupake penti pamtengo kapena pamwala. Kenako funsani agogo a m'mudzimo akuonetseni pomwe anafika mu 1980. Thandala mukhoza kuika kumunsi poti limasamuka, koma njerwa zowotcha ndi simenti musaziike kumunsi kwa mzere wa agogowo. Madzi saiwala khwawa.

*Bambo, ife tili ndi dimba m'mphepete mwa Linthipe. Tsiku lina kuno kunali dzuwa lokhalokha, koma usiku madzi anabwera n'kukokolola chimanga ndi pampu yopalasa. Anthu akuti ku Lilongwe anatsegula damu osatiuza. Kodi n'zoona, ndipo tingakadandaule kuti? — Mayi wa ana anayi, Salima*

Pepani mayi, pampu imeneyo ndikudziwa mmene imavutira kupeza. Koma mvula yomwe inakukokololerani dimba siinafunike kugwa pa Salima. Linthipe amachokera kumtunda kwa Dedza, amalandira Diamphwe, kenako amalandira mtsinje wa Lilongwe womwe umayambira ku Dzalanyama. Mvula ikagwa masana kumtunda konseko, madzi amatsika mapiri n'kutipeza kuno tili m'tulo, kumwamba kuli nyenyezi.

Madamu alipo awiri pa mtsinje wa Lilongwe, Kamuzu Dam I ndi Kamuzu Dam II ku Malingunde, a Lilongwe Water Board. Ntchito yawo ndi kusunga madzi akumwa a mumzinda. Damu la madzi akumwa eni ake amafuna lidzaze pofika kumapeto kwa dzinja, ndipo likadzaza silingasungenso kanthu: olowa ndi omwewo otuluka, amangodutsa panjira yotayira madzi. Munthu akaona madzi akugudukira pamenepo amathamanga kukanena kuti atsegula damu, chonsecho damu langokhuta. Kumayambiriro kwa dzinja, lisanadzaze, limakuthandizani ndithu pogwira madzi oyamba.

Chinanso, madamuwo ali kumtunda kwa mzinda. Madzi onse a pa malata, pa phula ndi m'ngalande za Lilongwe, ndi a mtsinje wa Lingadzi, amalowa kumunsi kwa madamu. A ku Dedza nawo sadutsa ku Malingunde n'komwe. Ndipo kumtunda mitengo inatha ndi makala, nthaka siimwanso madzi monga kale. Mvula yomwe kale inkatenga masiku kuti ifike kuno, lero imafika usiku umodzi, itasenza mchenga womwe ukukwirira mtsinje. Mtsinje wosaya umasefukira msanga.

Dandaulo lanu kapereke kwa a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzi mwanu, kudzera kwa amfumu, kuti zowonongekazo zilembedwe ndi kufika ku khonsolo ndi ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zoterezi. Koma chomwe chingapulumutse pampu yotsatira ndi foni. Kalabu yanu ikhale ndi nambala ya munthu wa kumtunda, kaya m'bale wa ku Dedza kaya woyendetsa kabaza pa mlatho wina, woti aziimba akaona mtsinje wakwera. Zikani mtengo m'mbali mwa madzi, muupake mizere itatu, ndipo mugwirizane kuti madzi akafika pa mzere wachiwiri aliyense achotse zida kudimba. Kuyambira Disembala mpaka Malichi pampu isagone kumtsinje. Ndipo madzi akaphwera musathamangire kukatola zotsala m'mathithi, ng'ona zimasamuka ndi madzi osefukira.

*Agogo, ndili Fomu 3. Madzi atasefukira ku Dwangwa mu Febuluwale 2024 ndinaganiza kuti boma likanamanga damu lalikulu kumtunda, zoterezi sizikanachitika. Ndikulakwa? — Wophunzira, Nkhotakota*

Mdzukulu wanga, waganiza bwino, koma watsala ndi funso limodzi: damulo likhale la chiyani? Damu loletsa kusefukira liyenera kukhala lopanda madzi ambiri mvula ikamabwera, kuti likhale ndi malo olandirira. Damu la ulimi wothirira kapena la magetsi eni ake amalifuna lodzaza. Ukafuna ntchito zonse ziwiri pa damu limodzi, pamafunika lamulo lolembedwa loti mwezi wakuti madzi asapitirire pakuti, ndi munthu wolimba mtima wolitsata ngakhale alimi akukuwa. Popanda zimenezo, mvula yaikulu imapeza damu lodzaza ndipo anthu a kumunsi, omwe anamanga pafupi ndi mtsinje podalira damulo, amavulala kuposa kale. Damu limachepetsa madzi osefukira a zaka wamba, koma a chaka choopsa limangowachedwetsa maola ochepa. Limbikira masamu ndi jogalafe, anthu odziwa kuwerengera zimenezi ndi ochepa m'dziko muno.

*Bambo, ndine mlembi wa komiti ya damu laling'ono la dothi lomwe timathiririra mbewu za chilimwe, ndipo tinaikamo nsomba. Chaka chatha madzi anatithera mu Okutobala. Tsono anzanga akufuna tiike matumba a mchenga panjira yotayira madzi kuti damu lisunge ambiri, ndipo ena akufuna timange ukonde pamenepo nsomba zisathawe. Ine ndikuopa, koma akuti ndine wamantha. Tichite bwanji? — Mlembi wa komiti, Nkhotakota*

Alembi, pitirizani mantha anuwo, ndipo kalata ino mukawawerengere pamsonkhano. Matumba amenewo asaikidwe. Pa makalata onse a mwezi uno, yanu ndi yokhayo yomwe munthu angathedi kupha anzake ndi dzanja lake pa nkhani ya madzi.

Amene anajambula damu lanu anasiya dala mpata pakati pa njira yotayira madzi ndi pamwamba pa chipupa. Anzanuwo akauona mpata umenewo akuona malo owonongeka, koma ndiwo moyo wa damu. Mvula yamphamvu ikagwa, madzi olowa amachuluka kuposa otuluka, tsono amakwera kaye mumpatamo uku akutuluka pang'onopang'ono. Mukaika matumba mwadya mpatawo. Madzi adzafuna potulukira pena, ndipo adzadutsa pamwamba pa chipupa. Chipupa cha konkire chimapirira zimenezo, cha dothi ayi. Madzi amayamba ndi kangalande kakang'ono kumbuyo kwa chipupa, n'kumadya chobwerera, ndipo pasanathe maola ochepa damu lonse limatuluka kamodzi. Zimakonda kuchitika usiku. Ganizirani nyumba ndi madimba omwe ali kumunsi kwanu, muwatchule mayina pamsonkhanopo.

Ukonde nawo ndi matumba omwewo. Tsiku loyamba umadutsitsa madzi, koma mvula ikabwera ndi mapesi, nthambi ndi mapepala apulasitiki, umasanduka khoma. Ngati nsomba zikukupwetekani mtima, kololani zikuluzikulu mu Novembala mvula isanayambe, mugawane kapena mugulitse. Zotsalazo zina zidzathawa ndithu, ndipo ana a kumunsi adzadya. Walira mvula walira matope.

Kayendetsedwe kake ndi kotere. Mvula isanayambe, komiti yonse ipite ndi makasu ndi zikwanje kukalambula njira yotayira madzi mpaka komwe imathera. Muchotse bango, zitsa, ndi mbewu zomwe wina anadzalamo mozemba, poti nthawi zonse amakhalapo wodzala mbatata pamenepo. Yesani valavu ya paipi ya pansi ngati ikutseguka, muipake girisi. Valavu yomwe yakhala chaka osaigwira imakana tsiku lomwe mukuifuna. Mu Januwale ndi Febuluwale musalimbane zodzaza damu. A zanyengo akalengeza mvula yamphamvu kapena namondwe, tsegulani paipi masiku awiri kapena atatu isanafike kuti madzi atsikeko. Mutsegule masana, mutauza kaye amfumu ndi anthu a kumunsi kuti achotse ana, mbuzi ndi zochapa kumtsinje. Kukonzekera kudzaza kwenikweni ndi kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo, pamene mitsinje ikuyendabe koma mvula yoopsa yachepa.

Potsitsa madziwo musachite phuma. Chipupa chomwe chakhala m'madzi chimakhala chitamwa, ndipo madzi a m'damu ndi omwe amachigwiriziza. Mukawachotsa mofulumira, dothi lonyowalo limatsetsereka kugwera m'kati. Tsitsani pang'ono tsiku lililonse. Ngati paipi yanu ndi yaing'ono kapena inatsekeka ndi matope, mukhoza kuyala paipi yapulasitiki pamwamba pa chipupa, kuidzaza madzi, mbali ya kunja ikhale yotsika kuposa ya m'damu, ndipo idzakoka yokha. Chomwe simuyenera kuchita ngakhale zitavuta bwanji ndi kukumba chipupa ndi khasu kuti madzi apume. Kabowo kameneko simudzakatsekanso.

Mvula iliyonse yaikulu ikatha, anthu awiri ayende pa chipupa chonse, pamwamba ndi kumbuyo. Kachinyezi pang'ono kumbuyo kwa damu la dothi si kachilendo. Tungani madzi otulukawo m'botolo loyera muwaone. Akakhala oyera ndipo sakuwonjezereka, lembani m'kope basi. Akakhala amatope, ndiye kuti akutuluka ndi dothi la chipupa, m'katimo mukupangika mphako. Tsiku lomwelo tsegulani paipi, chenjezani a kumunsi kuti asagone m'nyumba za pafupi ndi khwawa, ndipo itanani alangizi ndi injiniya wa za ulimi wothirira wa ku khonsolo. Muyang'anenso ming'alu, malo otitimira, mauna a mbewa ndi mfuko, ndi chiswe. Chulu pa chipupa chili ndi njira zake m'kati zomwe madzi adzazipeza. Mitengo isamere pamenepo ngakhale itakhala ya mango, poti mizu ikaola imasiya njira. Dzalani kapinga kapena vetiva, ndipo ng'ombe muzipangire pomwera pake, zisamakwere chipupa.

Za madzi otha mu Okutobala, yambani mwayeza kuya kwa damu ndi nsungwi muli m'bwato, muyerekeze ndi mmene linalili pomangidwa. Madamu ambiri ang'onoang'ono kuno sakuchepa chipupa, akudzaza matope ochokera m'minda ya kumtunda yomwe ikulimidwa mpaka m'khwawa. Ngati ndi choncho, matumba a anzanuwo akawaike kumtunda m'mikwasa ndi m'zigwembe kuti agwire dothi, ndipo damu likaphwa muchotse matopewo ndi mawilibala, ndi manyowa abwino kudimba. Onaninso ngalande zanu, poti ngalande ya dothi yodutsa pamchenga imamwa madzi ambiri asanafike pa mbewu, ndiponso onani ngati malo othirira sanakule kuposa mphamvu ya damu, chifukwa chaka chilichonse pamalowa mlamu wa wina. Ngati zonsezi zili bwino koma madzi akuchepabe, kukweza damu n'kotheka, koma amakweza chipupa ndi njira yotayira madzi limodzi, injiniya atayeza. Lemberani kalata ku ofesi ya ulimi wothirira ya boma lanu, amfumu asayinire, ndipo muikemo manambala a m'kope lanu la milingo.